Pulezidenti wa America ndi banki yaikulu: mphamvu zake zimalekera pati?

Ku America, pulezidenti akatopa ndi nduna yake amangoilembera kalata, ntchito n'kuthera pomwepo. Palibe amene angamufunse chifukwa. Koma akakwiya ndi akuluakulu a Federal Reserve, yomwe ndi banki yaikulu ya dzikolo, kalata yokha siikwanira.

Bankiyi imayendetsedwa ndi magavanala 7. Aliyense amasankhidwa ndi pulezidenti, nyumba ya Seneti n'kumuvomereza, ndipo nthawi yake pampando ndi zaka 14. Nthawizi anazikonza kuti zizitha mosiyana, mpando umodzi pa zaka ziwiri zilizonse, pofuna kuti mtsogoleri mmodzi asadzaze bungwe lonse ndi anthu ake. Lamulo la mu 1935 limanena kuti gavanala angachotsedwe nthawi yake isanathe pokhapokha pali chifukwa. Silitchula zifukwazo, koma akatswiri a malamulo akhala akumva kuti ndi monga katangale, kulekerera ntchito kapena kulephereratu kuigwira. Kusiyana maganizo pa chiwongoladzanja sikuli m'gululi.

N'chifukwa chiyani anamanga mpanda wotere? Wandale aliyense amafuna ngongole zotsika mtengo chisankho chikamayandikira. Chiwongoladzanja chikatsika, anthu amabwereka, makampani amalemba antchito, ndipo ovota amasangalala. Ululu wake, womwe ndi kukwera mitengo kwa zinthu, umabwera mavoti atawerengedwa kale. Pulezidenti Richard Nixon anapanikiza wapampando wa bankiyi, Arthur Burns, kuti afewetse ndondomeko chisankho cha 1972 chisanachitike, ndipo zaka zotsatirazo mitengo inathamanga mpaka kupitirira 14 peresenti pachaka mu 1980. Panali zifukwa zinanso, monga kukwera kwa mafuta, koma kuti moto uzime wapampando wina, Paul Volcker, anachita kukweza chiwongoladzanja kufika cha m'ma 20 peresenti, ndipo anthu mamiliyoni ntchito zinawathera.

Kumene kulibe mpanda wolimba taonako zotsatira. Ku Turkey, Pulezidenti Recep Tayyip Erdogan anachotsa magavanala atatu a banki yaikulu pakati pa 2019 ndi 2021. Wachitatuyo, Naci Agbal, anamuchotsa patangopita masiku ochepa atakweza chiwongoladzanja kufika pa 19 peresenti, ndipo pofika Okutobala 2022 mitengo inali kukwera ndi 85 peresenti pachaka. Ku Zambia anthu akukumbukira mmene Edgar Lungu anachotsera gavanala wa banki yaikulu, Denny Kalyalya, mwadzidzidzi mu Ogasiti 2020, mpaka Hakainde Hichilema anadzamubwezera pampando chaka chotsatira.

Maziko a chitetezo cha ku America ali pa mlandu wa munthu yemwe sanagwirepo ntchito kubanki. William Humphrey anali komishonala wa Federal Trade Commission, bungwe loona za mpikisano pa malonda. Mu 1933 Pulezidenti Franklin Roosevelt anamupempha kuti atule pansi udindo, ndipo sanabise chifukwa chake: maganizo awo sankayendera limodzi. Humphrey anakana, Roosevelt n'kumuchotsa. Patangopita miyezi ingapo mkuluyu anamwalira, koma woyang'anira chuma chake chamasiye anapita kukhothi kukafuna malipiro a miyezi imene anakhala pakhomo. Mu 1935 majaji onse a khothi la Supreme anagwirizana kuti nyumba ya malamulo ili ndi ufulu woteteza akuluakulu a mabungwe oima paokha. Mlandu wa malipiro a malemu ndiwo unasanduka mzati wa mabungwe ambiri kwa zaka pafupifupi 90.

Mzatiwu wakhala ukudyedwa ndi chiswe. Mu 2020 khothi lomwelo linagamula kuti pulezidenti angathe kuchotsa mwakufuna kwake mkulu wa bungwe loteteza ogula pa nkhani za ndalama, chifukwa limatsogozedwa ndi munthu mmodzi. Mu Meyi 2025 linalola Donald Trump kuchotsa mamembala a mabungwe awiri oona za apantchito milandu yawo ikadali mkati. Komabe m'chigamulo chomwecho majaji anaipatula Federal Reserve, nanena kuti kapangidwe kake n'kosiyana ndipo kali ndi mbiri yakeyake. Uthenga unali womveka: osakhudza banki pa chifukwa cha ndondomeko.

Apa ndiye panabadwa mlandu wa Lisa Cook, mmodzi wa magavanala a bankiyi. Mu Ogasiti 2025 Trump analengeza kuti wamuchotsa. Sanatchule chiwongoladzanja ayi. Anati mayiyu, potenga ngongole za nyumba mu 2021, analemba nyumba ziwiri ngati kuti iliyonse ndiyo amakhalamo, zomwe zimathandiza munthu kupeza ngongole yotsikirako. Cook anakana kuti sanachite chinyengo, ndipo anakasuma. Jaji Jia Cobb anapereka chiletso, ponena kuti chifukwa chochotsera gavanala chiyenera kukhudza zimene wachita ali pampando, pomwe Cook analowa ntchito mu 2022, komanso kuti sanapatsidwe mpata woyankhapo. Mu Okutobala khothi la Supreme linamusiya pa ntchito n'kuika mlanduwo kuti udzamvedwe mu Januwale 2026.

Chimene ndikufuna muchione bwino ndi mfundo imene maloya a boma anaimapo. Iwo anati pulezidenti akangotchula chifukwa, makhothi alibe mphamvu yopima ngati chifukwacho n'chokwanira. Ine ndikuona kuti nkhani yonse yagona pamenepa. Gavanala wakuba ayenera kuchoka, ndipo palibe akutsutsa zimenezo. Koma ngati woneneza ndi woweruza ali munthu mmodzi, gavanala aliyense adziwa kuti mapepala ake akale, a msonkho kapena a ngongole, angathe kufukulidwa tsiku limene wavota mosakomera boma. Munthu wamantha otere savota poyang'ana mitengo ya pamsika, amavota poyang'ana nkhope ya bwana.

Za wapampando zili ndi kakhota kake. Udindowu ndi wa zaka 4 zokha, ndipo lamulo silinena poyera ngati pulezidenti angamutsitse munthu pa uwapampando n'kumusiya ali gavanala wamba. Jerome Powell, yemwe Trump anamusankha yekha kukhala wapampando mu nthawi yake yoyamba kenako n'kumamunyoza pagulu chifukwa chosatsitsa chiwongoladzanja, ananena mu Novembala 2024 kuti sangatule pansi udindo ngakhale atauzidwa, ndipo kuti lamulo silikulola kumuchotsa. Ngakhale kumutsitsa kukadatheka, phindu lake n'lochepa. Chiwongoladzanja chimagamulidwa ndi komiti ya mavoti 12, magavanala 7 ndi atsogoleri 5 a mabanki a m'zigawo, ndipo komitiyi imasankha yokha woitsogolera. Mu 1948 Pulezidenti Harry Truman sanamuwonjezere nthawi Marriner Eccles pa uwapampando, koma Eccles anakhalabe gavanala mpaka 1951 ndipo anapitiriza kulimbana ndi boma pa nkhani ya chiwongoladzanja.

Izi sizikutanthauza kuti banki ili pamwamba pa anthu. Wapampando amakaonekera ku nyumba ya malamulo kawiri pachaka kukayankha mafunso, ndipo nyumbayo ingathe kusintha lamulo la bankiyi ikafuna. Pulezidenti naye ali ndi njira yake yovomerezeka, yomwe ndi kudikira mpando. Gavanala Adriana Kugler atatula pansi udindo mu Ogasiti 2025, Trump anasankha mlangizi wake wa zachuma Stephen Miran, Seneti inamuvomereza mu Seputembala, ndipo pa msonkhano wake woyamba anavotera kutsitsa chiwongoladzanja kwambiri kuposa mmene anzake onse anagwirizanira.