Nyamakazi ya msana: khosi likayamba kuiwala pomwe mutu uli

Tsinzinani, kenaka gwirani nsonga ya mphuno ndi chala. Mwaigwira, chonsecho simumaona. Thupi lili ndi nzeru yakeyake yodziwira pomwe chiwalo chilichonse chili, yochokera m'minofu ndi molumikizana mafupa. Ndi nzeru yomweyi imene imamuyendetsa mayi wosenza ndowa pochokera kumjigo, uku akucheza, madzi osatayika. M'khosi muli mafupa 7, ndipo timinofu ta m'munsi mwa nkhongo timangouza ubongo nthawi zonse kuti mutu wapendekera uku, tsopano waongoka. Ubongo umaphatikiza uthengawu ndi wochokera m'maso ndi m'kati mwa khutu kuti munthu asamadzandire.

Pali mtundu wa nyamakazi umene umasokoneza zimenezi. Achipatala amautcha ankylosing spondylitis kapena axial spondyloarthritis. Si nyamakazi ya agogo ija ayi. Iyi imagwira munthu akadali ndi mphamvu zake, kawirikawiri asanafike zaka 45, ena akadali anyamata ndi atsikana. Chitetezo cha m'thupi ndicho chimatupitsa molumikizana mafupa, kuyambira pomwe msana wakumana ndi chiuno. Zaka zikamapita, kwa ena mafupa a msana amamatirirana, msana n'kuuma ngati nsungwi, mutu n'kutsogola.

Kuwawa kwake kuli ndi khalidwe lodabwitsa. Msana wopweteka chifukwa cha khasu m'munda wa mpunga kapena kukoka khoka umapepuka munthu akagona. Uwu umakula ukagona. Umakudzutsa kusanache, mmawa thupi lili gwa kupitirira mphindi 30, koma ukayamba kuyendayenda limamasuka. Ululu umamvekanso m'matako, lero uku mawa uko, nthawi zina kuchidendene. Zikapitirira miyezi itatu, musangoti ndi kutopa kapena kuthamangira kukatemera mphini. Pitani kuchipatala cha boma ku Salima kapena ku Nkhotakota mukaonane ndi a zamafupa. Kwathu kuno msana wosapola umathanso kukhala TB ya m'mafupa, makamaka munthu akamaonda ndi kutuluka thukuta usiku, ndipo mankhwala ake ndi ena. Zikafunika amatumiza ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Komanso khosi louma mwadzidzidzi, limodzi ndi kutentha thupi ndi mutu waukulu, si nyamakazi. Ameneyo athamangire naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Matendawa akafika m'khosi, munthu samangolephera kucheuka. Amayamba kuganiza kuti mutu waongoka pomwe wapendekera. Taganizirani wa kabaza pa msewu wa M5 amene akafuna kuona galimoto yakumbuyo amatembenuka ndi thupi lonse, njinga n'kukhotera komweko. Kapena msodzi wotsikira kugombe usiku, maso sakumuthandiza, khosi nalo likumunamiza. Kugwa kwa munthu wotere si kugwa wamba, chifukwa msana womatirirana umathyoka msanga.

Mankhwala ochotseratu matendawa palibe, koma mafizo a tsiku ndi tsiku amachepetsa ululu ndi kuuma, ndipo khosi likhoza kuphunzitsidwanso. Yambani thupi litamasuka, monga mutasamba madzi ofunda.

Imani motsamira khoma, zidendene ndi matako zitagunda. Mukuyang'ana kutsogolo, bwezani chibwano m'mbuyo kuti nkhongo ilunjike kukhoma, osati kugadamira. Werengani mpaka 5, masulani, bwerezani ka 10. Nkhongo ikakana kufika, musaikakamize. Wina ayeze ndi zala mpata wotsalawo, mudzayezenso mwezi wamawa. Mukatero khalani pampando, cheukirani kumanja pang'onopang'ono mpaka pomwe khosi lavomera, kenaka kumanzere. Pendeketsani khutu kuloza phewa, phewalo osalinyamula.

Zimenezi n'zofewetsa. Zophunzitsa khosi ndi izi. Madzulo kukada, mangirirani katochi kakang'ono pachipewa ndi mphira, kowala molunjika malo amodzi n'kabwino koposa. Khalani pampando wotsamira, khoma lili masentimita 90 kutsogolo kwanu. Ongolani mutu, mwana alembe kadontho ndi khala pakati penipeni pa kuwalako. Tsinzinani. Cheukani kumanja, bwererani pomwe mukuganiza kuti ndi pakati, tsegulani maso. Kuwala kwagwera pati? Akatswiri a mafizo amayeza chimodzimodzi ndi kachipangizo kowala ngati kadontho, ndipo pa mtunda umenewu kuphonya kopitirira masentimita 7 amakuona ngati chizindikiro choti khosi silikuuza ubongo zoona. Tochi ya pamsika siyeza ndendende, koma pophunzitsira imakwana. Mukaphonya, bwezerani kuwala pakadontho maso ali otsegula, dikirani pang'ono khosi limve kuti pakati ndi apa, n'kuyesanso. Kasanu kumanja, kasanu kumanzere, kenaka kuwerama ndi kuweramuka. Ana adzakusekani ndithu masiku oyamba. Apatseni ntchito yolemba pakhoma chilembo chachikulu cha S kuti muzichitsata ndi kuwalako mosapupuluma, osatuluka mumzere. Mphindi 10 tsiku lililonse zimaposa ola lathunthu Lamlungu lokha.

Kumva kukokeka pang'ono si vuto. Koma mukamva chizungulire, dzanzi m'manja, kufooka miyendo, kapena mukayamba kuona ziwiriziwiri, lekani pomwepo mukauze achipatala. Amene khosi linauma kale kwambiri asayambe yekha, ayambe waonana ndi wa mafizo. Ndipo pasapezeke wina, kaya mnzanu kaya wosisita, wokupotokolani khosi kuti lilire. Kwa inu zimenezo zikhoza kuthyola fupa ndi kupha ziwalo.

Zina n'zapanyumba. Gonani pamalo osabonyoka ndi pilo wopyapyala, poti mapilo awiri amakankhira mutu kutsogolo. Ngati mungathe, gonani chafufumimba kwa mphindi zingapo masana. Thumba la mpunga kapena mtolo wa nkhuni pamutu, asenze ena. Fodya amakulitsa matendawa. Kusambira n'kwabwino kwambiri pa msana wotere, ndipo nyanja tili nayo pakhomo, kungoti nayo ili ndi zake: m'mabango muli likodzo, kumathiriro a Bua ndi Linthipe kuli ng'ona. Sankhani malo amchenga odziwika bwino, ndipo kudumphira m'madzi motsogoza mutu, iwalani.

Bulufeni, indosidi ndi diclofenac amathandiza kuti thupi limasuke n'kutha kuchita mafizo, koma asakhale ongogula paokala mwezi ndi mwezi. Amatha kuyambitsa zilonda za m'mimba ndi kuononga impso, ndipo mayi woyembekezera kapena wodwala BP afunse kaye adokotala. Diso likafiira, kuwawa ndi kudana ndi kuwala, matenda omwewa angakhale afika m'diso. Musathiremo mankhwala a kumudzi, pitani kuchipatala lero lomwe.

Mukagwa, ngakhale pang'ono chabe monga kuterereka kubafa, khosi kapena msana n'kuyamba kuwawa mwachilendo, musasunthesunthe. Okunyamulani asayese kukuongolani. Akugonekeni momwe msana wanu umakhalira masiku onse, atsamiritse mutu ndi nsalu zopinda, ndipo mukafika kuchipatala nenani msanga kuti muli ndi matenda oumitsa msana, kuti akujambuleni.