Galimoto yakale ikayamba kumwa mafuta ndi kuchedwa kusintha magiya

Eni galimoto ambiri amafika ku galaja ndi madandaulo awiri amene amawaona ngati osiyana: galimoto yayamba kumwa mafuta kwambiri, ndiponso giyabokosi yake ya otomatiki ikuchedwa kusintha magiya kapena ikugunda posintha. Pa galimoto zakale zochokera ku Japan zimene zadzaza m'misewu yathu, monga Corolla, Vitz, Sienta, Tiida ndi Honda Fit, mavuto awiriwa kawirikawiri amakhala ndi gwero limodzi, ndipo munthu amene wathamangira kugula giyabokosi ina asanafufuze gwerolo amataya ndalama zambiri, vuto n'kukhala lili pomwepo.

Musanamasule bawuti iliyonse, yambani mwadziwa kuti galimotoyo ikumwa mafuta ochuluka bwanji. Kuwerengera ndalama zimene mwathirira n'kosocheretsa chifukwa mtengo wa petulo umasinthasintha, ndipo muvi wa geji nawonso sutsika mofanana kuyambira pamwamba mpaka pansi. Dzazani thanki mpaka pampu idule yokha, lembani makilomita amene ali pa dashibodi, yendani monga mwa masiku onse, kenako mudzadzazenso n'kugawa makilomita amene mwayenda ndi malita amene alowa. Ngati mwayenda makilomita 300 ndipo alowa malita 30, ndiye kuti lita imodzi ikukuyendetsani makilomita 10. Yesani padera maulendo a m'tauni ndi a msewu wautali, pakuti galimoto imene imakhalira kuimaima pamdipiti wa m'mawa mu Lilongwe singafanane ndi imene ikuyenda mosadukiza mumsewu wa M1.

Zina zoyambitsa kumwa mafuta n'zosafuna ngakhale makaniko: matayala ochepa mpweya, buleki yogwira imene imatenthetsa limu limodzi kuposa anzake, mapulagi otha, fyuluta ya mpweya yodzaza fumbi, ndiponso fungo la petulo losonyeza kuti penapake pakudontha. Pa Toyota zakale za magiya anayi yang'ananinso kabatani kamene kali pa ndodo ya giya, chifukwa kakadinidwa mwangozi nyale yolembedwa O/D OFF imayaka, galimoto simalowanso giya yomaliza, ndipo injini imalira kwambiri ulendo wonse. Nyale yomweyo ikamaphethira yokha, kompyuta ikukuuzani kuti yaona vuto mu giyabokosi.

Chimene ine ndimayamba kufunsa pambuyo pa zimenezi ndi thermostat. Kachipangizo aka kamatseka njira ya madzi opita ku rediyeta mpaka injini itatentha mokwanira, ndipo pa Toyota zambiri kamayamba kutseguka pa madigiri pafupifupi 82. Pali chizolowezi chofala chokachotsa galimoto ikangotentha kamodzi, ati chifukwa kuno n'kotentha kale ndipo kanapangidwira mayiko ozizira. Maganizo amenewa ndi olakwika, ndipo mwini galimoto amawalipirira pa pampu tsiku lililonse. Kompyuta ya galimoto imawerenga kutentha kwa madzi, ndipo ikaona kuti injini ikadali yozizira imathira petulo wochuluka monga imachitira m'mawa polizitsa. Pa Toyota zambiri za otomatiki, kompyuta yomweyo imaletsanso giya yomaliza mpaka madzi atafika pa madigiri pafupifupi 60. Choncho galimoto yochotsedwa thermostat ikamatsetsereka mapiri a ku Dedza m'mawa wa mu June, madzi amazizira, petulo amawonjezeka, giya yomaliza n'kukana kulowa, ndipo woyendetsa amangoganiza kuti giyabokosi yafa. Galimoto ngati Vitz ndi Fit zambiri zilibe geji ya kutentha koma kanyale kabuluu kapena kobiriwira kosonyeza kuti injini ikadali yozizira, ndipo kanyaleko kakamachedwa kuzima kapena kakamayakanso muli kale pa ulendo, kayikirani thermostat kapena sensa ya kutentha kwa madzi.

Masensa ena awiri nawonso amasokoneza zinthu zonse ziwiri. Injini ya petulo imafuna magawo pafupifupi 14.7 a mpweya pa gawo limodzi la mafuta potengera kulemera kwake, ndipo kuti ikwanitse zimenezi imadalira sensa yoyeza mpweya wolowa, imene imakhala pafupi ndi fyuluta, ndi sensa ya okosijeni imene imakhala pa ekizozi. Yoyamba ija ikachita fumbi, kompyuta imalakwitsa poyeza kulemera kwa ntchito imene injini ikugwira, ndipo popeza giyabokosi imadalira muyezo womwewo posankha nthawi yosinthira giya, kasinthidwe kake kamasokonekera. Makina owerengera kompyuta ya galimoto amathandiza pamenepa poonetsa manambala a mavuto: P0171 amatanthauza kuti mafuta akuchepa poyerekeza ndi mpweya, P0172 kuti akuchuluka, pomwe P0741 amaloza ku torque converter. Komabe nambala imangolozera kumene kuli vuto, sitchula chipangizo choti mugule, pakuti P0171 angabwere chifukwa cha kapaipi kong'ambika kamene kakulowetsa mpweya. Dziwaninso kuti galimoto zina zopangidwira msika wa ku Japan sizilankhulana ndi timakina totchipa, ndiye kusawerenga kanthu si umboni wakuti zonse zili bwino.

Torque converter ndiyo imalumikiza injini ndi giyabokosi kudzera mu oyilo, ndipo pa liwiro lotsika imaterereka pang'ono mwachibadwa. Galimoto ikafika pa liwiro lokhazikika, kakilatchi kamkati mwake kamagwira kuti kutererekako kuthe. Mungayese nokha pamsewu wosakwera, injini itatentha, pa liwiro la makilomita 80 pa ola: pondani mafuta pang'ono chabe mukuyang'ana muvi wa liwiro la injini. Ukakwera pang'onopang'ono limodzi ndi liwiro la galimoto, kakilatchiko kagwira, koma ukalumpha msanga galimoto isanawonjezere liwiro ndiye kuti sikanagwire, ndipo mphamvu imene mwaigula pa pampu ikungotenthetsa oyilo.

Oyilo wa giyabokosi amaulula zambiri. Pa Toyota zokhala ndi dipstick, kandodo koyezera oyilo, muyezeni galimoto itatentha, itaima pamalo osapendekeka, injini ikulira ndipo giya ili pa P, pomwe Honda zambiri zimayezedwa injini itangozimitsidwa. Pukutirani pa nsalu yoyera ndipo mununkhize. Oyilo wamba wa otomatiki akakhala wabwino amaoneka wofiira ndi woonekera, wokalamba amadera, koma wakuda wonunkha kupserera amasonyeza kuti makilatchi amkati akutha. Akaoneka wotuwa ngati wasakanikirana ndi mkaka, madzi a mu rediyeta alowamo, ndipo galimotoyo isayendenso mpaka itakonzedwa. Oyilo wochepa ndiye amachititsa kuti mukaika pa D kapena pa R galimoto idikire kaye kenako n'kugunda.

Mtundu wa oyilo ndi pamene giyabokosi zambiri zimaphedwera ndi anthu ofuna kuzithandiza. Toyota ili ndi T-IV komanso WS, amene sayenera kusinthanitsidwa mwachisawawa, ndipo galimoto za CVT, zimene zimayendera lamba wachitsulo m'malo mwa magiya okhazikika, zimafuna oyilo wakewake: Nissan ili ndi NS-2 ndi NS-3, pomwe Honda Fit yoyambirira imafuna HMMF. Kuthira oyilo wamba wofiira mu CVT chifukwa ndi amene wapezeka m'sitolo kumaononga lamba uja. Mtundu woyenera umalembedwa pa dipstick kapena m'buku la galimoto.

Ngati oyilo wadera koma sakununkha kupserera, kukhuthula wa m'munsi, kutsuka timaginito ta mu sampu (chibeseni cha oyilo cha pansi pa giyabokosi) ndi kusintha fyuluta kumakwanira, ndipo mungabwereze pakapita nthawi. Sindilimbikitsa kutsuka ndi makina a mphamvu giyabokosi imene sinasinthidwepo oyilo kwa zaka zambiri, chifukwa zinyalala zimene zasunthidwa zingatseke tinjira ta mu valve body, mbali imene imawongolera oyilo posintha magiya. Kutsitsa giyabokosi kukhale komaliza, pamene thermostat ilimo, masensa ayezedwa, oyilo ndi wokwanira komanso woyenera, koma injini ikulirabe galimoto osathamanga, kapena mu sampu mwapezeka tizidutswa tachitsulo tomveka pa zala.