Alphonse Areola ndi golo ya anthu awiri ku PSG

West Ham, timu ya ku London, itagula goloboyi Mads Hermansen ku Leicester mu Ogasiti 2025, funso lakale lija linadzukanso: kodi Alphonse Areola ndi goloboyi woyamba, kapena ndi wodikirira pa benchi? Mkanganowu sunayambire ku London. Gwero lake ndi ku Paris, mu sizoni ya 2018/19.

Areola anabadwira ku Paris mu 1993, makolo ake ndi ochokera ku Philippines, ndipo mpira anauphunzirira ku Paris Saint-Germain (PSG). Mu 2013 anagwira mapenate awiri pa fainolo ya World Cup ya anyamata osapitirira zaka 20, France ikugonjetsa Uruguay. Kenako anayendayenda pangongole ku Lens, Bastia ndi Villarreal ya ku Spain.

Pofika sizoni ya 2017/18 golo ya PSG inali yake. Ndiye mu Julaye 2018 timuyi inatenga goloboyi wina, Gianluigi Buffon, ali ndi zaka 40. Buffon anafika ndi chilango cha magemu atatu a Champions League chifukwa cha khadi yofiira imene anapatsidwa akadali ku Juventus, choncho Areola ndiye anayima pagolo pokumana ndi Liverpool, Red Star ndi Napoli. Mu Seputembala womwewo, magoloboyi a France Hugo Lloris ndi Steve Mandanda atavulala, Areola anasewera gemu yake yoyamba ya France ku Munich, Germany n'kulephera kumumwetsa, gemu n'kutha 0-0.

Mu sizoni imeneyi, mphunzitsi wa PSG Thomas Tuchel ankawasinthanitsa Areola ndi Buffon. Vuto la dongosolo limeneli n'lodziwika. Goloboyi salowa gemu ili mkati ngati osewera ena, akasiyidwa ndiye kuti mphindi 90 zonse zapita. Otchinga kumbuyo nawonso amasokonezeka, chifukwa goloboyi wina amatuluka kukalanda mpira wa kona pomwe wina amakhala pamzere, ndipo aliyense ali ndi kayikidwe kake ka mpanda pa firikiki.

Magemu a Champions League okumana ndi Manchester United anapatsidwa kwa Buffon. PSG inapambana 2-0 ku Old Trafford, koma pa 6 Malichi 2019 ku Parc des Princes, Buffon anaphonya mpira womwe Marcus Rashford anamenya ali patali, Romelu Lukaku n'kungoumalizira. PSG inagonja 3-1 n'kutuluka, Areola akuonera pa benchi.

Buffon anachoka sizoni itatha, koma golo sinabwerere kwa mwini wake. Pa 2 Seputembala 2019 PSG inagula goloboyi Keylor Navas, Areola n'kutumizidwa pangongole ku Real Madrid kukadikirira Thibaut Courtois. Oikira kumbuyo PSG amati Areola ndiye anali pagolo pomwe timuyi inaluza fainolo ya Coupe de France kwa Rennes, komanso Navas anasewera fainolo ya Champions League mu 2020. Zonsezi n'zoona. Komatu zimene amamuweruza nazo Areola ndi za sizoni imene ankagawana golo ndi munthu wina.

Ku Fulham anasankhidwa kukhala wosewera wabwino wa sizoni ya 2020/21 ngakhale timuyo inatsika ligi. Ku West Ham anakapezanso zomwezo: Łukasz Fabiański magemu a ligi, iye magemu a zikho. Njira ya zikhoyo ndiyo inamufikitsa ku Prague pa 7 Juni 2023, komwe West Ham inagonjetsa Fiorentina 2-1 n'kutenga Europa Conference League, iye ali pagolo.