Saki, mwana wamasiye amene sanaiwale azakhali ake

Amene akufuna kumvetsa nkhani zazifupi za Saki ayambe ndi nyumba imene anakulira. Dzina lake lenileni linali Hector Hugh Munro, ndipo anabadwa mu 1870 ku Akyab m'dziko la Burma, kumene bambo ake anali mkulu wa apolisi a boma la atsamunda a ku Britain. Mu 1872 mayi ake anamwalira ku England ng'ombe itawathamangira ali oyembekezera. Iye ndi abale ake anatumizidwa ku Pilton, pafupi ndi Barnstaple, kukaleredwa ndi agogo awo ndi azakhali awiri a malamulo okhwima.

Azakhali amenewa amatulukira m'nkhani zake ndi mayina ena. Mu "Sredni Vashtar", Conradin, mnyamata wodwaladwala wa zaka 10, amaleredwa ndi Mrs De Ropp, mayi amene amamuletsa chilichonse chomusangalatsa ponena kuti akumufunira zabwino. M'kanyumba ka kuseri mwanayo amasunga nkhuku yathadzi ndi kachilombo kolusa kofanana ndi likongwe, kamene amakapembedza ngati mulungu wake. Mayiyo agulitsa nkhuku ija. Kenako alowa m'kanyumbamo kuti akachotse chimene chatsalamo, koma satulukanso. Kachilomboko kamatuluka kali ndi magazi kukhosi, ndipo pamene antchito akukuwa, mwana ali phee, akudziwotchera buledi wina.

Ophunzira ambiri amadzidzimuka pamenepa, ndipo m'pomveka. Ine ndimaona kuti Saki sakuyamikira imfa. Akuonetsa zimene zimakula mumtima mwa mwana amene akulu amamupondereza kwinaku akudzitcha abwino. Chida chake n'chimodzi pafupifupi paliponse: ana ndi nyama amavula anthu apamwamba a ku England chovala chaulemu. Mu "Tobermory" mphaka waphunzitsidwa kulankhula, n'kuyamba kuulula zimene alendo amanenerana kumbali, ndipo iwo sachedwa kupangana zomuthira poizoni.

Sikuti zonse n'zoyera. Penapake amanyoza Ayuda ndi amayi omenyera ufulu wovota, ndipo ndime zimenezo sindiziikira kumbuyo.

Luso lolemba mwachidule analinola pa utolankhani. Atayesa upolisi ku Burma mu 1893, malungo anamubweza kwawo. Analemba nkhani zoseka andale m'nyuzipepala ya Westminster Gazette, kenako n'kukhala mtolankhani wa Morning Post ku Balkans, ku Russia ndi ku Paris. Mabuku ake a nkhani zazifupi, monga Reginald la 1904 ndi Beasts and Super-Beasts la 1914, anasonkhanitsa zambiri zimene zinayamba kutuluka m'nyuzipepala.

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itabuka mu 1914 analowa usilikali ali ndi zaka 43, ndipo anakana udindo wapamwamba kuti akhale msilikali wamba. Anafa atawomberedwa ndi msilikali wa ku Germany pafupi ndi Beaumont-Hamel ku France mu November 1916. Pambuyo pake mlongo wake Ethel anawononga makalata ake ambiri, n'chifukwa chake olemba mbiri yake amadalira kwambiri nkhani zake zomwezo ndi zimene Ethelyo analemba za ubwana wawo.