Khansa ya khomo la chiberekero: momwe imayambira m'maselo, ndi momwe tingaipewere

Mukadzicheka ndi mpeni pachala, magazi amatuluka kenako amagwirana, pamwamba n'kuchita nkhanambo. Pansi pa nkhanamboyo, maselo (tizigawo ting'onoting'ono tamoyo timene timapanga thupi) a khungu a m'mphepete mwa bala amayamba kugawikana, limodzi kukhala awiri, awiri kukhala anayi, n'kumasendera pakati mpaka bala litatsekeka. Likangotsekeka, maselowo amaleka. Sapitiriza kuchulukana mpaka chala kufufuma. Chimene chimawauza nthawi yoyamba ndi nthawi yoleka ndi majini, malangizo amene analembedwa mu DNA, kachingwe kosunga zachibadwa kamene kali m'kati mwa selo.

Munthu ali ndi majini pafupifupi 20,000 opanga mapuloteni, tinthu timene timagwira ntchito zosiyanasiyana m'selo, koma selo silimagwiritsa ntchito onse nthawi imodzi. Ena amayatsidwa, ena amazimitsidwa, malinga ndi ntchito imene ilipo. Pali majini ofulumizitsa selo kuti ligawikane, ndipo pali ena oliimitsa, monga momwe njinga ilili ndi mapedulo ndi mabuleki. Khansa imayamba mabulekiwo akaduka: selo limangochulukana, losamvanso zoti liime.

Mwa mabuleki amenewa, awiri ndi ofunika kuwadziwa. Puloteni yotchedwa p53, imene asayansi anaitulukira mu 1979, imaimitsa selo ngati DNA yake yawonongeka, kuti ikonzedwe kaye. Ikaona kuti kuwonongekako n'kosakonzeka, imachititsa kuti seloyo life lisanabale maselo ena olakwika. Pa khansa zonse za anthu, pafupifupi theka zimapezeka kuti jini ya p53 inawonongeka. Ina ndi Rb, imene imagwira selo kuti lisayambe kukopera DNA yake, pokonzekera kugawikana, nthawi isanakwane.

Chimene HPV imachita

Pafupifupi khansa yonse ya khomo la chiberekero imayamba ndi kachilombo ka HPV. Amene anasonyeza zimenezi ndi Harald zur Hausen wa ku Germany, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 2008. Kachilomboka kamafala pogonana, ndipo n'kofala kwambiri moti anthu ambiri amene anayamba zogonana, amuna ndi akazi omwe, amakatenga nthawi ina m'moyo wawo osadziwa. Choncho kupezeka ndi HPV si chizindikiro choti mayi ndi woyendayenda. Tisamanyoze odwala.

HPV ilipo yamitundu yambiri, koma mitundu iwiri, 16 ndi 18, ndiyo imayambitsa pafupifupi 70 pa 100 iliyonse ya khansa imeneyi. Kachilomboka kamalowera m'timikwingwirima tosaoneka ndi maso, n'kukafika ku maselo a pansi pa khungu la khomo la chiberekero, omwe ndi maselo amene amabala khungu latsopano. Pakuti pakokha sikangachulukane, kamafuna kuti selo lizingokhalira kukopera DNA. Ndiye kamapanga mapuloteni awiri, E6 ndi E7. E6 imachititsa kuti p53 iphwanyidwe, pomwe E7 imamatirira ku Rb n'kuilepheretsa ntchito. Selo lotere limapitiriza kugawikana ngakhale DNA yake ili ndi zolakwika, ndipo zolakwikazo zimaunjikana chaka ndi chaka.

Mwa anthu ambiri, chitetezo cha m'thupi chimachotsa kachilomboka chaka chimodzi kapena ziwiri zisanathe, popanda mankhwala. Vuto limabwera kakakhalitsa. Kwa mayi amene chitetezo chake chili bwino, pamatha zaka 15 mpaka 20 kuti maselo osinthikawo asanduke khansa. Kwa amene chitetezo chatsika, monga yemwe ali ndi HIV koma sakumwa mankhwala, zaka 5 mpaka 10 zimakwana. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO likuti amayi amene ali ndi HIV ali pachiopsezo chochuluka kasanu ndi kamodzi kuposa anzawo. Kusuta fodya nakonso kumaonjezera chiopsezo. Kuno ku Malawi imeneyi ndiyo khansa imene imagwira ndi kupha amayi ambiri kuposa ina iliyonse, ndipo dziko lathu lili m'gulu la mayiko okhudzidwa kwambiri padziko lonse. N'zomvetsa chisoni, chifukwa zaka zonse zimene zimadutsa khansa isanayambe ndi mpata woti vutoli lipezeke lisanakule.

Katemera

Kuno ku Malawi, katemera wa HPV anayesedwa koyamba ku Rumphi ndi ku Zomba kuyambira mu 2013, ndipo mu 2019 anayamba kuperekedwa m'dziko lonse kwa atsikana a zaka 9. WHO imalimbikitsa kuti atsikana a zaka 9 mpaka 14 abayidwe, chifukwa katemerayu amagwira bwino ntchito mwana asanakumane ndi kachilomboka. Mu katemerayu muli chabe puloteni ya chikopa cha kachilombo, mulibe DNA yake, ndiye sangayambitse matenda. Satseketsa kubereka. Makolo, musabise ana anu chifukwa cha mphekesera. Funsani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu za tsiku la katemera. Dziwaninso kuti katemera sachiza HPV imene inalowa kale, choncho amayi akuluakulu chitetezo chawo chagona pa kuyezetsa.

Kuyezetsa ndi chithandizo

Mayi aliyense wa zaka 25 mpaka 49 akuyenera kuyezetsa ngakhale sakumva kupweteka paliponse. Maselo akamasinthika samapweteka. Namwino amapaka viniga pa khomo la chiberekero n'kudikira mphindi imodzi. Malo amene maselo asinthika amayera, ndipo amaoneka ndi maso pansi pa nyali. M'zipatala zina muli njira yoyezera HPV yeniyeniyo, imene mayi amatha kudzitenga yekha chikazi ndi kathonje.

Pakapezeka malo oyerawo, sikuti muli ndi khansa ayi. Nthawi zambiri amathandizidwa tsiku lomwelo, powotcha malowo ndi kachipangizo kotentha madigiri pafupifupi 100 kwa nthawi yosakwana mphindi, kapena powaumitsa ndi mpweya wozizira kwambiri. Maselo olakwika akafa, maselo abwino a m'mbali amamera n'kuphimba malowo. Pa masabata ochirawo pamatuluka chikazi chamadzimadzi, ndipo zimenezi si zodetsa nkhawa. Musagone malo amodzi ndi abambo kwa masabata anayi, ndipo musaike kanthu kalikonse kumaliseche. Abambo, apa m'pofunika kumvetsa kwanu: pali bala limene likupola, ndipo kulikakamiza kungabweretse matenda ena. Mukatentha thupi, mukataya magazi ambiri, kapena chikazi chikayamba kununkha, bwererani kuchipatala msanga. Musaphonye tsiku limene anamwino akupatsani loti akuoneninso, ndipo ngati mumamwa ma ARV, pitirizani mosadumphitsa.

Zizindikiro zosayenera kudikira

Kutuluka magazi mukatha kukhala malo amodzi ndi abambo, kutaya magazi pakati pa mwezi nthawi ya msambo isanakwane, kuonanso magazi mutasiya kale kusamba, chikazi chonunkha chosatha, ndi kupweteka kwa m'chinena kapena msana kosamva mankhwala. Ambiri amayamba aganiza zolodzedwa, n'kutha miyezi akumwa zitsamba khansa ikufalikira. Pitani kuchipatala sabata yomweyo. Madokotala akakayikira kuti mwina ndi khansa amadula kanyama kakang'ono kuti akakaunike, ndipo khansa imene yapezeka isanafalikire kunja kwa khomo la chiberekero imatha kuchizika ndi opaleshoni.