Thandizo la agogo athu lilipo, koma likufuna munthu wowaperekeza

Uthenga uwu ndi wa aliyense amene ali ndi munthu wokalamba pakhomo kuno ku Mchinji, kaya ndi mayi anu okuberekani, kaya ndi agogo a nyumba yoyandikana nayo amene ana awo onse ali ku Joni kapena ku Chipata. Ine ndayenda nawo gulu la ma volontiya oyendera odwala m'makomo kwa zaka ndithu, ndipo chimene ndachiona mobwerezabwereza ndi ichi: thandizo la okalamba lilipo, olo ndi losakwanira, koma silibwera lokha pakhomo ayi. Limafuna chiphaso, limafuna miyendo, limafuna munthu woti akayankhule ku ofesi osachita mantha. Ndiye agogo ambiri zinthu zitatu zimenezi alibe.

Kalembera wa 2018 anapeza kuti pa anthu 100 alionse m'Malawi muno pafupifupi 5 ndi a zaka 60 kupita mtsogolo. Boma linakhazikitsa ndondomeko ya anthu okalamba mu 2016, kenako mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo lawolawo, Older Persons Act, limene likuti wokalamba ndi munthu wa zaka 60 kapena kuposera apo ndipo kumuzunza, kumusala olo kumutaya osamusamalira ndi kuphwanya lamulo. Bungwe la MANEPO, lomwe limasonkhanitsa mabungwe oona za okalamba, linalimenyera nkhondo lamulo limeneli kwa nthawi yaitali. Koma lamulo lili ku Lilongwe, agogo ali kwa Mkanda, pakati apa ndi ife.

Yambani ndi mapepala awiri

Chiphaso cha unzika cha ku NRB ndi kabuku ka kuchipatala. Musanaganize za china chilichonse funsani kaye, agogo chiphaso chanu chili kuti? Nthawi zambiri mupeza chinatayika, kapena chili ndi mdzukulu amene anachitenga kukalembetsera simu khadi osabweza. Popanda chiphaso kulembedwa m'kaundula wa thandizo kumavuta kwambiri. Ofesi ya NRB ili pa boma, aperekezeni. Kabuku ka kuchipatala nako kasamasinthidwesinthidwe, kakhale kamodzi komweko kuti adokotala aziona mbiri yonse, kakatha musataye, mangirirani pamodzi ndi katsopano. Zonse ziwiri ikani mu jumbo youma, pamalo pamene agogo eni ake akupadziwa.

Mtukula Pakhomo

Ife a ku Mchinji pologalamu ya boma imeneyi, yopereka ndalama kwa mabanja osauka, timaidziwa bwino chifukwa inayambira kuno mu 2006 isanafalikire maboma onse 28. Koma pali kusamvetsetsana kumodzi kumene kumadanitsa anthu m'midzi, ena amaganiza kuti aliyense wa imvi akuyenera kulandira. Si choncho. Mtukula Pakhomo amaona banja lonse, amafuna banja losaukitsitsa limenenso lilibe munthu wamphamvu zogwira ntchito, kutanthauza kuti mulibe munthu wathanzi wa zaka 19 mpaka 64, kapena alipo mmodzi koma akusenza anthu oposa atatu. Ndiye agogo amene akulera adzukulu amasiye okha, kapena nkhalamba ziwiri zokhala zokha, amenewo ndi amene pologalamuyi inapangidwira. Ndalama zimatengera kukula kwa banja ndipo pamakhala kena kowonjezera ngati muli ana a pa sukulu.

Mukaona kuti agogo ena oyenera anasiyidwa, musangodandaulira pa mjigo. Pitani kwa a komiti ya Mtukula Pakhomo ya m'dera lanu, uzaninso amfumu ndi a VDC, komiti ya chitukuko ya m'mudzi ija, zikakanika kafikeni ku ofesi ya Social Welfare pa boma mukafunse ngati banjalo lili m'kaundula wa UBR, momwe boma limasankhamo mabanja olandira thandizo. Kulemba anthu atsopano sikuchitika tsiku lililonse, pamakhala nyengo yake, koma dzina likadziwika msanga zimathandiza. Kulembedwa ndi kwaulere, aliyense wokuuzani kuti mupereke kangachepe kuti agogo alowe akukuberani, kamunenezeni.

Apa pali nkhani ina yowawa imene ndiyenera kuinena. Agogo osatha kuyenda amaloledwa kusankha munthu wowalandirira, ndi zabwino, koma ndaonapo ndi maso anga agogo ena amene dzina lawo linali m'buku kwa zaka koma iwo ankangolandira ka sopo kamodzi ndi mchere wa pa mbale, zotsalazo zimathera kwa wowalandirirayo. Tsiku limene tinawafunsa anangoweramitsa mutu nkumati "ndikayankhula andisiya ndekha, madzi anditungira ndani". Ndalama zimenezo ndi za banja la agogowo. Wowalandirira aziwerenga ndalamazo pamaso pawo, pakhale ndi mboni, ndipo ngati zikubwera pa foni nambala yachinsinsi isamadziwike mudzi onse. Zikamasokonekera a komiti ali ndi mphamvu yothandiza kusintha wolandirira.

Nthawi ya njala, miyezi ija ya Disembala mpaka Malichi, chimanga cha boma chodzera ku DoDMA, nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, chikamalembedwa onetsetsani kuti okalamba okhala okha atchulidwa pa msonkhano, poti iwo ku msonkhanoko safika. Ndipo thumba la makilogalamu 50 agogo sangalisenze, anyamata a m'mudzi apa ndi pothandiza popanda kudula gawo.

Kuchipatala

Ku chipatala cha boma, kuyambira pa health centre mpaka Mchinji District Hospital, thandizo ndi laulere. Zipatala za mishoni ngati Ludzi ndi Kapiri zimalipiritsa koma kwa ena ndi zimene zili pafupi. Vuto lalikulu ndi la maganizo athu, agogo akadandaula mutu, chizungulire, miyendo kutupa, timangoti ndi ukalamba basi, tigulire panado. Ukalamba si matenda. Zambiri zimene zikuwagoneka agogo athu zili ndi mankhwala.

BP ndi imene ikutitha mwakachetechete chifukwa munthu amatha kukhala nayo zaka osamva kanthu mpaka tsiku logwa. Kuyeza sikutenga olo mphindi zisanu. Ikamapezeka pa 140/90 kapena kuposa apo kangapo, achipatala amayambitsa mankhwala, ndipo mankhwala a BP ndi akumwa tsiku lililonse moyo onse, osati kumwa mutu ukapweteka nkusiya ukapola. Izi ndi zimene zimachitika kwambiri, botolo likatha agogo akuti ndachira, palibe wobwerera ku kiliniki, miyezi itatu kenako sitiroko. Lembani tsiku la kiliniki pa khoma, konzani kabaza dzulo lake. Mukapeza mankhwala atha kuchipatala, zimachitika, pemphani akulembereni dzina ndi mlingo wake m'kabuku kuti mukagule oyenera ku famase, musabwereke a aneba poti si onse amamwa ofanana. Mchere uchepe, tsiku lonse usapose ka supuni kakang'ono ka tiyi kamodzi, ndipo soda wa mu therere naye amawerengedwa momwemo.

Mukaona kamwa yapotokera mbali imodzi, dzanja kapena mwendo wafooka mwadzidzidzi, mawu sakumveka, imeneyo ndi sitiroko, thamangani nawo kuchipatala nthawi yomweyo. Musawamwetse madzi kapena phala mokakamiza chifukwa amatha kutsamwa. Akatuluka funsani za mafizo, masewero olimbitsa ziwalo a kuchipatala aja, amathandiza kwambiri kuti dzanja ndi mwendo zibwerere, ndipo achipatala akhoza kukuphunzitsani zochita kunyumba. Za ndodo zoyendera ndi njinga ya olumala funsani komweko ku mafizo kapena ku Social Welfare.

Shuga zizindikiro zake ndi ludzu losatha, kukodza pafupipafupi makamaka usiku, kuonda, ndi bala losapola. Agogo a shuga muziwaona mapazi madzulo alionse, pakati pa zala pomwe, poti amatha kubayidwa ndi minga osamva. Chifuwa chopitirira masabata awiri kayezetseni makhololo, kuyeza TB ndi mankhwala ake ndi zaulere. Agogo aamuna amene akuvutika kukodza, mkodzo ukungodontha kapena watsekeka, asachite manyazi, ndi vuto lodziwika la abambo achikulire ndipo achipatala amalithandiza. Amene ali pa ma ARV asasiye chifukwa choti akula.

Za maso ndiimepo pang'ono. Kwathu kuno kunali agogo ena aakazi amene anakhala zaka atachita khungu, ankayenda chogwiragwira khoma kuchoka pa mphasa kukafika pakhomo, kuchimbudzi mdzukulu wa sitandade 4 ndi amene ankawagwira dzanja mpaka mwanayo sukulu anayamba kujomba. Mukayang'ana m'diso pakati paja panali poyera ngati mkaka. Inali ng'ala. Ankakana opaleshoni poopa kuti akawachotsa diso, tinawanyengerera miyezi. Atapangidwa diso limodzi, m'mawa mwake atamasula bandeji chinthu choyamba anayang'ana manja awo, kenako anamuyang'ana mdzukulu uja nthawi yaitali osayankhula. Pano amasankha okha mtedza pa lichero. Opaleshoni ya ng'ala ndi yaifupi, munthu sagonekedwa tulo, amangochititsa dzanzi diso lokhalo, ndipo diso silichotsedwa. Yambirani kwa a maso pa chipatala cha boma, iwo ndi amene amatumiza ku Kamuzu Central kapena ku Nkhoma, kapenanso kukuuzani tsiku limene madokotala a maso akubwera konkuno. Chonde musathire zitsamba, mkodzo kapena shuga m'maso, ng'ala sichoka ndi zimenezo, diso limangowonongeka.

Kwa agogo amene matenda awo ndi osachizika ngati khansa, kuli chisamaliro chochepetsa ululu chimene achipatala amati palliative care, amapereka mankhwala amphamvu ngati morphine wamadzi omwera kunyumba. Munthu asamabuule usiku onse pamene mankhwala alipo. Wogona osadzuka muzimutembenuza maola awiri alionse kuti asachite zilonda za pamsana ndi m'chiuno. Mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu, a HSA aja, ndi khomo loyamba pa zonsezi, ndipo ngati kuchipatala kuli kutali mutha kuimba ku Chipatala Cha Pa Foni pa 929 mwaulere kufunsa malangizo. Mukalandiridwa mwachipongwe kuchipatala, kuli ofesi ya ombudsman wa pachipatala yolandira madandaulo.

Kuiwalaiwala si ufiti

Apa ndi pamene mtima wanga umawawa kwambiri. Pali matenda a ubongo amene amagwira ena akamakalamba, achipatala amati dementia. Munthu amayamba kuiwala zimene zangochitika kumene, kufunsa funso limodzi kakhumi, kusokoneza mayina a ana ake, kenako kusochera m'mudzi mwake momwe. Ena amadzuka usiku nkutuluka osavala bwino, kukacha apezeka pa khonde la eni kapena kufupi ndi manda, ndipo mukawafunsa mwaukali kuti mumatani kuno, mumatamba eti, amangovomera chilichonse chifukwa mutu sukugwira. Anthu nkumati waulula yekha. Abale anga, ameneyo ndi wodwala. Mu Januwale 2016 ku Neno okalamba anayi anaphedwa tsiku limodzi powaganizira ufiti mtsikana wina atafa ndi mphenzi, ndipo nkhani zotere sizinathe mpaka lero. Lamulo la Witchcraft Act la 1911 likugwirabe ntchito ndipo limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, kuitana sing'anga kuti adzaloze mfiti m'mudzi ndi mlandunso.

Matendawa alibe mankhwala ochiziratu koma apititseni kuchipatala akawaone, chifukwa pena chimene chikusokoneza mutu ndi china chochizika. Makamaka ngati kusokonezekako kwayamba mwadzidzidzi, dzulo anali bwino lero akubwebweta, akhoza kukhala malungo, matenda a m'chikhodzodzo, shuga kutsika kapena kuchepa madzi m'thupi, zimenezo ndi za tsiku lomwelo. Kunyumba musakangane nawo, musawamange, musawatsekere okha ndi moto m'nyumba. Auzeni amfumu ndi aneba kuti agogo akudwala, akawaona akuyenda okha awabweze mwaulemu.

Mukamva mphekesera za ufiti zayamba pa agogo ena musadikire kuti nyumba iyake. Kanenani ku polisi, ku Victim Support Unit, kapena kwa a community policing ndi a Social Welfare. Chimodzimodzi kumenyedwa, kumanidwa chakudya, kulandidwa munda. Agogo aakazi amasiye amene achibale a malemu akufuna kuwalanda katundu akutetezedwa ndi lamulo la chuma cha masiye la 2011, kulanda chuma chotero ndi mlandu, ndipo a Legal Aid Bureau amathandiza anthu osowa ndalama ya loya.

Za ife a m'mudzi

Thandizo limene limafika msanga kuposa lonse ndi la pafupi. Amayi a Chigwirizano, a Dolika, a m'miphakati, a ku mzikiti, magulu a achinyamata, onsewa amayendera okalamba, koma amayendera amene awuzidwa. Perekani dzina. Ndipo popita musangopita ndi nyimbo zokha, onani denga mvula isanayambe, onani nkhuni, ndowa ya madzi, neti ya udzudzu ngati ili yomanga. Onani njira ya kuchimbudzi, chotsani miyala ndi mizu, zikani mtengo wogwirira m'chimbudzimo, muwapezere tochi, chifukwa agogo akagwa nkuthyoka chiuno ambiri sadzukanso. Amene mano anatha apatseni zofewa koma za magulu, phala la mgaiwa lothira nsinjiro, nyemba zofafaniza, dzira, usipa wosinja, nthochi, papaya. Madzi muziwapatsa osadikira kuti apemphe poti okalamba ludzu salimva msanga.

Amene akadali ndi mphamvu musawachotse ku banki mkhonde kapena ku kwaya poti akula, kukhala okha tsiku lonse kumadwalitsa, ena amasiya kudya, tulo osabwera, kumangoti bola ndife. Mawu amenewo mukawamva musawaseke, khalani nawo pansi ndipo muwauze achipatala. Nanunso amene mukusamalira agogo usana ndi usiku mumatopa, si tchimo kunena, itanani abale mugawane masiku, amene ali kutali atumize ya thiransipoti ya ku kiliniki mwezi ndi mwezi, ndipo akaimba foni muziwapatsira agogowo ayankhule nawo okha.