Musathamangire kutulutsa anapiye: nthenga ndi usiku ndizo zikuuzeni

Anapiye akakula pang'ono, fungo ndi fumbi zimachuluka m'nyumba, ndipo mlimi amalakalaka kuwapititsa kukhola la panja msanga. Apa ndi pomwe ambiri amataya ziweto zomwe azivutikira. Kawirikawiri chowapha si matenda ayi, koma chisanu cha usiku woyamba kapena wachiwiri. Akazizidwa amaunjikana pakona, okwera pamwamba n'kubanikitsa a pansi, ndipo m'mawa mumapeza akufa alibe chizindikiro chilichonse cha matenda.

Mwanapiye amabadwa ndi ubweya wosatha kusunga kutentha. N'chifukwa chake sabata yoyamba mu brooder, malo otchingidwa ofunditsiramo anapiye ndi babu kapena mbaula, mumafunika madigiri 32 mpaka 35, ndipo sabata iliyonse mumachepetsa ndi madigiri pafupifupi 3 mpaka mutafika pa 21 kapena 24. Nthenga zenizeni zimayamba kumapiko ndi kumchira, kenako kumsana ndi pachifuwa, kumutu ndi pakhosi n'kumalizira. Nyamulani mmodzi, mumuyang'ane pakhosi ndi kunsi kwa mapiko. Ngati pakadali ubweya kapena khungu likuonekera, nthawi yake sinakwane, ngakhale kalendala inene zotani. Anapiye a nkhuku zoikira mazira, a Mikolongwe ndi a chikuda amamaliza kuvala nthenga pa masabata 5 kapena 6. Mabroila, nkhuku zowetera nyama, amakula msanga, moti nyengo yotentha moto ungachotsedwe atakwanitsa masabata 3, koma nawonso yang'anani thupi lawo.

Kuno ku Blantyre mwezi womwe mukusamutsira ndi nkhani yaikulu. Mu Okutobala ndi Novembala usiku umakhala wofunda, ndipo vuto limakhala kutentha kwa masana pansi pa malata. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti ndi zina. Chiperoni chikabwera ndi nkhungu ndi mvula yowaza ija, chimatha kukhala masiku angapo dzuwa osaoneka, makamaka kumtunda monga ku Limbe, Bangwe ndi Chigumula. Mlimi wa ku Chileka, komwe n'kotsikirapo ndi kofundirapo, angatulutse anapiye msanga kusiyana ndi mnzake wa ku Bangwe. Nyengo yozizirayi onjezerani sabata imodzi kapena ziwiri, ndipo musasamutse tsiku lomwe kumwamba kwatseka.

Asanasamuke ayenera kuzolowera kukhala opanda moto. Yambani kuzimitsa babu kapena kuchotsa mbaula masana kwa masiku atatu kapena anayi, n'kumabwezeretsa madzulo. Kenako chotsani usikunso, koma muziwazonda cha m'ma 4 koloko m'bandakucha, pomwe kumazizira kwambiri. Akagona momwazikana ali chete, ndiye kuti ali bwino. Akakhala mulu umodzi akulira mokweza, bwezeretsani moto. Masiku omwewa mukhoza kumawatulutsa padzuwa kuyambira 10 koloko mpaka 3 koloko masana, m'kampanda kotchinga pamwamba chifukwa cha mphamba ndi akhwangwala, kokhala ndi mthunzi ndi madzi.

Khola likonzedwe kukadali masabata awiri. Chotsani zitosi zonse zakale, kolopani, thirani mankhwala ophera tizilombo, pakani laimu m'makoma, ndipo lisiyeni liume popanda nkhuku. Utitiri umabisala m'ming'alu ndi polumikizana mitengo, choncho fufuzani m'menemo. Pansi yalani utuchi wokhakhala kapena mankhusu a mpunga ouma, kuchindikala kwake masentimita 5 mpaka 8. Utuchi wosalala ngati ufa si wabwino, amaudya komanso umawatsokomoletsa. M'makona pindani makatoni kuti mukhale mozungulira, asapeze pounjikana. Mbali yochokera mphepo pachikani matumba, koma siyani mpata kumtunda kuti mpweya uzituluka. Khola lotsekeratu limadzaza fungo la zitosi loyabwa m'maso, ndipo chifuwa chimayambira pamenepo. Ngati mwalowetsamo mbaula, makala ayambe ayaka bwinobwino panja, pakuti utsi wake umapha mwakachetechete. Tsekaninso maenje a makoswe, ndipo mabowo a waya akhale oti chala chokha n'chomwe chingalowe.

Pa msinkhu umenewu anapiye 10 pa sikweya mita imodzi ndi okwanira, ndipo malo aziwonjezeka akamakula.

Samutsani m'mawa dzuwa litakwera, kuti akhale ndi tsiku lonse lopeza chakudya ndi madzi kusanade. Tengani zodyera ndi zomwera zomwe azizolowera, ndipo chakudya chisasinthe sabata imeneyo. Ngati nthawi yochoka ku starter, chakudya cha anapiye aang'ono, kupita ku grower, cha okulirapo, yakwana, dikirani akhazikike kaye, kenako sakanizani pang'onopang'ono kwa masiku anayi kapena asanu. Madeya okha sangakuze mwanapiye. Katemera wa chitopa ndi wa gumboro, matenda ofooketsa chitetezo cha thupi la anapiye, akhale atalandira kale, koma osati tsiku losamukalo. Pakhale mpata wa masiku angapo, poti zolemetsa ziwiri pakamodzi zimafooketsa thupi. Masiku atatu kapena anayi oyamba asatuluke m'kholamo kuti adziwe kuti pogona ndi pamenepo.

Musawaphatikize ndi nkhuku zazikulu. Zimawajompha, zimawalanda chakudya, komanso zimatha kukhala ndi matenda omwe izo sizikudwala nawo. Ngati khola ndi limodzi, dulani ndi waya kuti azionana osakhudzana mpaka atayandikira msinkhu wa zinzawozo.

Sabata ziwiri zoyamba yang'anitsitsani zitosi, makamaka nyengo ya mvula. Pozungulira chomwera pakanyowa, matenda otsegula m'mimba mwa magazi amabuka msanga: mwanapiye amazyolika, mapiko ali lende, nthenga zitanyankhalala. Chotsani utuchi wonyowawo tsiku lomwelo, ikani chomwera panjerwa kuti chifike pamsana pawo, ndipo mukaona magazi m'zitosi pitani kwa alangizi a ziweto musanataye ngakhale mmodzi.